Achimwene amene munatitimira muli pa D, auto si yachabechabe

Achimwene ndawerenga funso lanu kawiri. Mukuti mwakhala mukuyendetsa manual zaka zambiri, pano mwagula 4x4 ya automatic, nde tsiku loyamba kuilowetsa m'matope inatitimira muli pa D, munaponda moto mpaka kunayamba kununkha ngati china chake chapserera, mutati muike 4L, giya ija yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi pang'onopang'ono, kanyali kanangophethiraphethira osalowa, ndiye mukufunsa ngati auto ili yachabechabe kutchire. Ayi ndithu. Ineyo pamchenga ndi pokwera miyala ndimasankha auto, chifukwa mphamvu siduka posintha giya komanso injini sikuzimira pakati pa chitunda ngati mmene manual imachitira ukasiya klatchi molakwika. Kungoti ili ndi khalidwe lake ndipo zomwe munachitazo nzomwe imadana nazo kwambiri. Amene akukuuzani mmakomentimu kuti giyabokosi yatha mugule ina, asiyeni kaye.

Simunatchule mtundu wa galimoto ndipo apa mpomwe pagona nkhani, chifukwa si galimoto iliyonse yolembedwa 4WD kumbuyo imagwira ntchito mofanana. Pali zija za 2H, 4H, 4L monga Hilux, D-Max ndi Jimny. Zimenezi masiku onse pa 2H zimakoka ndi matayala akumbuyo okha, mukaika 4H shafuti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi nkumazungulira liwiro limodzi, pakati palibe difu, timagiya tija tolola matayala kuzungulira liwiro losiyana. Pafumbi kapena m'matope zilibe kanthu poti tayala limatha kuterereka pang'ono, koma pa tala wouma mukakhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, nde poti palibe poterereka zitsulo zimayamba kukokana mkatimo, sitelingi imalemera, galimoto imachita ngati ikudumphadumpha pokhota, mapeto ake mwaphwanya transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye ngati yanu ili ya mtundu uwu, mukangofika pa tala bwezerani 2H basi.

Zina ngati Prado ndi Land Cruiser 100 kapena 200 zimakoka ndi onse anayi nthawi zonse chifukwa zili ndi difu yapakati, ndipo pali batani lokhomera difu imeneyo. Anthu ambiri sadziwa kuti osaikhoma, mphamvu imatha kuthawira kutsogolo kapena kumbuyo komwe kuli koterera, munthu nkumadabwa kuti galimoto yonseyi ikukanika bwanji pakadambo kakang'ono. Pajero ya Super Select, yomwe inayamba mu 1991, ili ndi zonse ziwiri, 4H yake mutha kuyenda nayo pa tala bwinobwino koma 4HLc ndi 4LLc, zomwe zimakhoma difu yapakati, nzakutchire basi. Kenako pali ma RAV4, X-Trail, CR-V, awa ndi AWD, amadziikira okha matayala onse anayi ndipo 4L alibe nkomwe, pa zambiri kompyuta ndi imene imagawa mphamvu. Ena ali ndi batani la LOCK koma limadzichotsa lokha liwiro likakwera, pa RAV4 ndi cha mma 40 km/h, ndipo mukaipanikiza nthawi yaitali mumchenga kaklatchi kotumiza mphamvu kumbuyo kamatentha nkudzizimitsa, mwatsala ndi matayala awiri. Poti mwatchula 4L ndiye kuti yanu si ya gulu limeneli.

Tsopano chifukwa chomwe 4L inakanira. 4H imalowa galimoto ikuyenda, zambiri bola musapitirire 100 km/h ndipo matayala asakhale kuti akuzungulira pachabe. Koma 4L pa auto imafuna muime nji, phazi pa buleki, giya pa N, kenako mupotokole kaswitchi kapena mukankhe kandodo, mudikire nyali isiye kuphethira ndipo mubwerere pa D. Ndikukhulupirira inu munali pa D kapena pa P, anthu ochokera ku manual ambiri amaiwala N ameneyu poti anazolowera kungoponda klatchi. Pena olo mwachita zonse bwino imaphethirabe chifukwa mano a magiya sanakumane, ikatero ikani D musunthe pang'ono, kapena R, muyesenso. Nde taganizani, munthu watitimira kale mpaka difu yakhala pansi, asuntha bwanji? Nchifukwa chake ine ndimati 4L ndi difu loko zimaikidwa mukuona matope ali patsogolo, osati muli kale mkati. Komanso ngati galimoto inakhala zaka mwini wake woyamba osaikapo 4WD, kamota kosinthira kamatha kugwira, nchifukwa chake ndi bwino mwezi ndi mwezi kuiyendetsako pa 4H ndi 4L pamsewu wafumbi kuti oyilo azungulire. Ngati ili ya ma hub okhoma pamanja kumatayala akutsogolo, tsikani mukhome onse awiri, apo ayi dashibodi izikuuzani kuti 4WD pamene mukukoka ndi akumbuyo okha kkkk.

Za fungo lija, apa ndifuna mumvetsetse chifukwa mdani wamkulu wa auto ndi kutentha. Mmalo mwa klatchi muli torque converter, tingoti mafani awiri oyang'anizana ali mu oyilo, ina ikuzungulitsidwa ndi injini nkumakankha oyilo amene akuzungulitsa inzakeyo. Ubwino wake ndi woti ponyamuka imachulukitsa mphamvu pafupifupi kawiri ndipo injini sizima olo matayala ataima. Kuipa kwake ndi koti nthawi yonse imene injini ikuthamanga koma matayala akukanika kapena akuyenda movutikira, mphamvu yonse yotsalayo imasanduka moto mu oyilo wa giyabokosi. Ndiye munthu ali pa D mu 4H, mumchenga wakuya kapena pachitunda, akuyenda liwiro la munthu wapansi phazi lili pansi, ameneyo akuphika oyilo wake ngakhale geji ya injini ikuoneka bwinobwino. Mukaika 4L magiya a mu transfer case amanyamula katundu ameneyo, pa Hilux ndi Prado zambiri amachulukitsa ndi 2.566, Wrangler Rubicon mpaka 4, nde converter imapuma. Anthu amaopa 4L ngati ndi chinthu chongogwiritsa ntchito zikavuta, ine ayi, ndikangoona kuti njira yonse ndiyenda pansi pa 20 kapena 30 km/h ndipo ndi yolemera, ndimaiika kale. Nyali ya A/T OIL TEMP, yochenjeza kuti oyilo wa giyabokosi watentha, ikayaka imani, ikani P, injini musazimitse, isiyeni izilira payokha mpaka nyaliyo ithime chifukwa oyilo amazizira akamazungulira.

Chinanso, D musamukhulupirire kwambiri kutchire. Kompyuta siona chomwe chili kutsogolo, imatha kukweza giya muli pakati pa mchenga mphamvu nkugwa, kenako kutsitsanso mwadzidzidzi matayala nkuyamba kukumba. Gwiritsani ntchito L, 2, 3 kapena mbali ija ya S kapena M yokhala ndi + ndi -, musankhe giya nokha. M'matope oterera kunyamuka ndi giya yachiwiri kumathandiza kuti matayala asangopota, ma Land Cruiser ndi Prado ena ali ndi batani la 2nd START la ntchito imeneyi. Ndipo mukaona kuti matayala akuzungulira galimoto osasuntha, chotsani phazi pompo, sekondi iliyonse mukuponda mukudzikumbira dzenje. Kugwedeza galimoto pakati pa D ndi R kumathandiza inde, koma dikirani matayala aime kaye musanasinthe, osati kumenya kandodo uku injini ikulira.

Potsika chitunda mpomwe manual imaposadi auto, izi ndivomere. Pa D galimoto imangothamanga chifukwa injini siigwira mokwanira, ndiye mumangodalira mabuleki, akatentha kapena matayala akagwira pamalo oterera mwapita. Imani pamwamba, 4L, giya yoyamba yokhoma, muisiye itsike yokha mukungothandizira ndi buleki pang'onopang'ono. Ngati ili ndi batani lothandiza kutsika chitunda, DAC kapena hill descent, yatsani, phokoso la gwe gwe gwe limene imachita ndi mabuleki akugwira ntchito, sikuti yaonongeka. N potsika ayi, olo pang'ono. Ine ndinaphunzira movutikira, tsiku lina ndinakanika kukwera kachitunda konyowa nde mmalo moika R ndinangoponda buleki nkumaisiya ibwerere ili pa D, injini inazima, buleki inauma gwa, sitelingi nayo, mtima unali mmwamba ndithu. Mukakanika chitunda pondani buleki, ikani R, mutsike chambuyo molunjika mmene munakwerera, osayesa kutembenuka pakati chifukwa mpomwe galimoto zimagubuduka. Ndipo kumbukirani auto imalira pa P kapena N basi, ikazima pamalo otero gwirani buleki ndi handibuleki kaye musanayambe kulimbana ndi kiyi.

Pamiyala phunzirani kuponda buleki ndi phazi lamanzere uku lamanja likupereka moto pang'ono, galimoto imakwera mwala mwaulemu osagwera mbali inayo ndi chiphokoso. Poyamba muziponda ngati mukuponda klatchi mpaka mutu kugunda galasi, yesererani pamalo opanda anthu.

Traction control, ija yoletsa matayala kupota pachabe, nayo imasokoneza anthu. Mumchenga ndi m'matope akuya imadula mphamvu nthawi yomwe mukuifuna, nde izimitseni, pa galimoto zambiri kudina kamodzi kumazimitsa traction yokha, kugwira batani masekondi angapo mutaima kumazimitsanso ija yoletsa kuterereka cham'mbali. Koma pamigula pomwe tayala limodzi lalendewera m'mwamba isiyeni, imamanga tayala lopota lija mphamvu nkupita ku linzake, inu mungogwira moto pamalo amodzi osachotsa phazi. Difu loko yakumbuyo ngati ilipo imalowa mutaima kapena mukuyenda pang'onopang'ono kwambiri, pa Toyota ndi pansi pa 8 km/h, ndipo mukangodutsa povutapo ichotseni poti galimoto imakana kukhota. Koma kunena zoona mabatani onsewa amagonja kwa mpweya wa mmatayala, mumchenga kutsitsa kufika cha mma 1.2 mpaka 1.5 bar kumasintha galimoto kukhala ina, bola mukhale ndi pampu yobwezera musanakwere tala ndipo musakhote mwaukali tayala lingavuke pa limu.

Madzi ndingonena mwachidule, Hilux ndi Prado zatsopanoko amati 700 mm, Ranger 800 mm, koma yezani kaye ndi ndodo, 4L, giya imodzi, liwiro limodzi. Ikazimira mmadzi musalize. Ndipo auto silira mokankha, komanso kuikoka mtunda wautali matayala ali pansi injini itazima kumaononga giyabokosi poti pampu ya oyilo imayendera injini, ikwezeni pa lole. Poimika pachitunda kokani handibuleki kaye galimoto ikhazikike kenako P, chifukwa P ndi kachitsulo kakang'ono chabe kokola giya, mukakasenzetsa galimoto yonse kandodo kamakana kutuluka. Ndipo ngati transfer case ili pa N, P sagwira chilichonse, galimoto imagubuduzika.

Nde pa galimoto yanuyo panopa chitani izi. Ngati ili ndi dipisitiki ya giyabokosi, yezani oyilo injini itatentha ikulira pamalo a fulati, mudonthezere pa pepala loyera. Akakhala ofiira kapena ofiirira pang'ono palibe chodetsa nkhawa kwambiri, akakhala akuda nkumanunkha kupserera asintheni ndi mtundu weniweni wolembedwa m'buku la galimotoyo osati aliyense wolembedwa ATF, akakhala ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi ndipo musayendenso nayo. Zambiri zatsopano zilibe dipisitiki, zimenezo ndi za makaniko. Mwinanso fungolo silinali la giyabokosi nkomwe, matayala opota ndi mabuleki omwe traction control imamanga nazonso zimanunkha choncho. Iyeseni pamsewu, ngati magiya akulowa osagunda, osachedwa, injini osakuwa payokha posintha, mwapulumuka. Kenako pezani malo afumbi a fulati muyese N uja muone ngati 4L ilowe. Tiuzeni mtundu wa galimoto ndi chaka chake, komanso jambulani kaswitchi ka 4WD ndi nyali imene imaphethirayo muponye pompano tione.