Kusaka nyimbo yakale imene munaimva pa wailesi koma woimba wake simukumudziwa

Ndalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala mu Lilongwe, amene anakulira ku Mulanje m'zaka za m'ma 1970. Funso lawo mwachidule ndi ili: tsiku lina madzulo, ali m'minibasi, anamva pa MBC Radio 1 nyimbo imene malemu bambo awo ankaikonda iwo ali mwana, koma anatsika muulutsi asanatchule woimba. Chimene akukumbukira n'chakuti munkamveka banjo ndi ng'oma, mwamuna mmodzi ankatsogolera ena akuvomera, ndipo mawu ake ankadandaula za munthu amene anapita ku Wenela (kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa) osatumizanso kalata kapena ndalama kumudzi. Ayesa Shazam (pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo), ayesa kulemba mawuwo pa Google ndi pa YouTube, koma palibe chimene chatuluka. Akufunsa ngati ilipo njira ina, kapena angozisiya.

Musazisiye, mayi. Nyimbo yanuyo ingathe kupezeka, koma mwakhala mukuifuna kumene sikukhala nyimbo za mtundu umenewo.

Shazam sidziwa nyimbo monga mmene munthu amaidziwira. Imatenga kachidutswa ka phokoso limene foni yamva n'kukafananiza ndi nyimbo zimene makampani ogulitsa nyimbo anaziika kale m'nkhokwe yake, moti ngati nyimbo sinaikidwemo, ngakhale muiseweretse bwino chotani pafupi ndi foni, yankho silingabwere. Njira ya Google yong'ung'udza nyimbo, imene inayamba mu 2020, ili ndi vuto lomwelo. Tsono nyimbo zambiri zimene Amalawi ankamva pa wailesi kuyambira mu 1964, pamene MBC inakhazikitsidwa, kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sizinagulitsidwepo m'sitolo iliyonse. M'dziko muno munalibe makampani akuluakulu odinda mbale monga anali ku Johannesburg, Salisbury (Harare ya masiku ano) ndi Nairobi. Kampani ya Nzeru inayesa kutulutsa mbale za oimba a kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse. Amene ankajambula oimba ambiri anali a MBC eni ake, ena mu situdiyo zawo mu Blantyre, ena m'midzi ndi m'misika pa maulendo amene ankayenda ndi makina ojambulira m'maboma onse, ndipo zimene ankabwera nazo n'zimene tinkazimva m'mapulogalamu monga Nyimbo za M'maboma. Nyimbo yotere inkakhala pa tepi ya mkombero waukulu, kawirikawiri imodzi yokha, m'bokosi lolembedwa ndi dzanja. Popeza nthawi yonseyo wailesi m'dziko muno inali imodzi, nyimbo inkatha kudziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, chonsecho woimbayo alibe ngakhale kaseti yake m'nyumba.

Choncho poyambira penipeni ndi pa wailesi pomwe munaimvapo, ndipo pamenepa muli ndi mwayi umene anthu ambiri ondifunsa mafunso otere sakhala nawo, chifukwa mwaimva posachedwa. Khalani pansi lero lomwe mukumbukire tsiku, nthawi, ndi malo amene minibasi inali pamene nyimboyo inkamveka, chifukwa zimenezi zikuthandizani kudziwa pulogalamu yake. Ngati munagwiritsa ntchito foni pa ulendowo, nthawi ya uthenga umene munatumiza kapena kulandira ingakuthandizeni kuyandikira ola lenileni. Wailesi iliyonse yolongosoka imalemba mndandanda wa nyimbo zimene yaulutsa, mwa zina chifukwa bungwe la COSOMA, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992, limadalira mindandanda yotere pogawa ndalama kwa eni nyimbo. Lembani kalata yaifupi kwa wokonza pulogalamuyo ku Chichiri, kapena kuofesi ya MBC mu Lilongwe momwemo, ndipo mutchule tsiku ndi nthawi musanafotokoze za bambo anu. Kalata yonena kuti “nyimbo ya banjo yonena za Wenela” ingatanthauze nyimbo zambirimbiri, pamene yonena kuti “nyimbo imene inaulutsidwa Lachinayi cha m'ma 6 koloko madzulo, nkhani zisanayambe” imaloza pa mzere umodzi kapena iwiri ya m'ndandanda. Ngati pulogalamuyo imalandira mauthenga a omvera, tumizaninso funso lanu kumeneko, pakuti aulutsi a nyimbo zakale amakondwera ndi mafunso otere, ndipo akaliwerenga pa wailesi amene amayankha ndi omvera anzanu.

Musanachite zonsezi, dzijambuleni pa foni mukuimba mbali imene mukuikumbukira, ngakhale mawu anu asakhale a woimba. Chifukwa chake n'chakuti mukayamba kumvetsera nyimbo zina zofanana nayo pofufuza, maimbidwe ake ayamba kusakanikirana m'mutu mwanu, ndipo pakatha milungu iwiri simudzasiyanitsanso zimene munamva m'minibasi ndi zimene munamva pa YouTube. Mawu amene mukuwakumbukira muwalembe monga mmene anamvekera, osawakonza kuti akhale Chichewa cha kusukulu. Oimba a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu ankasakaniza Chimang'anja, Chilomwe ndi Chiyao, ndipo liwu limene inu mungaliyese lolakwika lingakhale lomwelo limene lingauze munthu wodziwa kuti woimbayo anali wa dera liti.

Zimene mwafotokoza zikunena kale zambiri. Banjo, ng'oma ndi anyamata ovomera ndi maimbidwe a magulu amene ankadzitcha “jazz band”, makamaka a m'maboma a kummwera, amene zipangizo zawo zambiri ankapanga okha ndi zitini, matabwa, zikopa ndi mawaya. Wodziwika kwambiri pa maimbidwe amenewa ndi malemu Allan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo ndikukulangizani kuti mumvetsere mawu ake poyamba, osati chifukwa ndikuganiza kuti nyimboyo ndi yake, koma kuti mudziwe ngati phokoso limene munamva ndi la mtundu umenewo. Magulu ofanana nalo analipo ochuluka, ndipo ambiri anajambulidwa kamodzi kokha n'kuzimirira. Mukumbukirenso ngati munkamveka chitoliro ndi babatoni (besi yopanga okha), chifukwa zimenezo zingatitengere ku maimbidwe a kwela a Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Gitala ya magetsi ndi malipenga zikanaloza ku magulu a m'tauni monga MBC Band, ndipo kiyibodi ikanatiuza kuti nyimboyo ndi ya nthawi ya makaseti, pamene situdiyo za ku Balaka zinayamba kumveka ponseponse. Anthu ambiri amathamangira mawu n'kuiwala zipangizo, chonsecho munthu amene anagwirapo ntchito yosunga matepi amazindikira gulu pa kaimbidwe ka banjo mawu asanayambe n'komwe.

Nkhani ya Wenela nayo ikuthandiza kudziwa nthawi. Boma la Dr Banda linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April chaka chimenecho n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Ntchitoyo itayambiranso mu 1977, bungwelo linali litayamba kudziwika kuti TEBA, limene anthu ankalitcha Theba, mpaka pamene inathera mu 1988. Nyimbo yotchula Wenela monga chinthu chochitika pa nthawiyo n'kutheka kwambiri kuti inapekedwa chisanafike chaka cha 1975, ngakhale kuti anthu sasiya dzina lakale tsiku limodzi. Ngati munamvamo ndalama zikutchulidwa, mapaundi ndi masheleni akuloza nthawi isanafike 1971, pamene kwacha ndi tambala zinayamba kugwira ntchito.

Musatseke maso pa mfundo yakuti nyimbo ya m'chinenero chathu ingathe kukhala yojambulidwa kunja. MBC isanabadwe, anthu a ku Nyasaland ankamvera wailesi ya ku Lusaka, makamaka kuyambira mu 1949 pamene kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special kanayamba kugulitsidwa, ndipo oimba a kumeneko monga Alick Nkhata ankaimbanso m'Chinyanja. Amalawi ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia nawo anajambulitsa nyimbo zawo, ndipo dandaulo la mkazi wosiyidwa ndi mtchona linali lofala kumbali zonsezi. Ngati nyimbo yanu inadindidwa pa mbale kunjako, mwayi woipeza pa intaneti ukukula, koma muyenera kuifuna ndi kalembedwe kakale kapena kolakwika, pakuti olemba mayina pa mbalezo nthawi zambiri sankadziwa chinenerocho, ndipo chinenero ankachilemba kuti “Nyanja” kapena “Mang'anja”, osati “Chichewa”.

Kunja kwa MBC kuli nkhokwe ziwiri zoyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi ya Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, amene anajambula nyimbo zambiri ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954 ndipo kuyambira mu 1978 ili pa Rhodes University mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Zina mwa izo zinatulutsidwanso pa ma CD ndi kampani ya SWP Records. Kwa inu ndikuona kuti zimenezi zachita kutalikira m'mbuyo, koma sizivuta kumvetsera. Yachiwiri ndi ntchito ya Gerhard Kubik, katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, amene anakumana ndi a Kachamba mu 1967, pamodzi ndi Moya Malamusi, amene kwa zaka zambiri anajambula oimba a m'midzi ya kummwera n'kusunga zojambulazo ku Chileka. Ku MBC komweko, ntchito yosamutsa nyimbo za pa matepi akale kuziika pa kompyuta inachitika ndi thandizo la dziko la Norway, ndipo popeza makina oseweretsa matepi a mkombero ndi osowa masiku ano, n'kutheka ndithu kuti nyimbo imene munaimvayo inachokera m'gulu la zosamutsidwazo ndipo ili ndi dzina m'kompyuta mwawo.

Mawu anu amene munadzijambula aja muwatumize kwa abale anu achikulire a ku Mulanje pa WhatsApp, ndipo muwapemphe akamvetseretse anthu amene anali anyamata m'zaka zimenezo, makamaka amene ankaimba kapena kuvina pa zikwati ndi pamowa. Magulu a pa Facebook okonda nyimbo zakale amathandizanso, koma yankho loyamba musalilandire msanga, chifukwa anthu ali ndi chizolowezi chopereka nyimbo iliyonse ya banjo kwa Namoko ndi iliyonse ya gitala kwa Kachamba. Dzina lililonse limene mwapatsidwa mulitsimikize pomvetsera nokha.

Mukonzekerenso kupeza nyimbo zingapo m'malo mwa imodzi. Oimba a nthawi imeneyo ankatenga nyimbo za pamtondo, za m'magule ndi za anzawo n'kusintha mawu pang'ono, moti maimbidwe amodzi angapezeke pa matepi atatu a magulu osiyana, lililonse ndi mutu wakewake, ndipo mutu wa pa bokosi nthawi zina unali mawu oyamba chabe amene wojambula anawamva. Imene munamva m'minibasi mwina si imene bambo anu ankamvera, koma mbale wake. Mndandanda wa ku wailesi udzakuuzani za yoyambayo, pamene za yachiwiriyo adzakuuzani ndi achikulire a kumudzi.

Mukadzadziwa dzina, kupeza nyimbo yanuyanu yosunga ndi nkhani ina, chifukwa lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza woimbayo ndi banja lake, ndipo wailesi singangokukoperani popanda kutsata ndondomeko yake. Funsani ku MBC zimene amafuna, funsaninso ku COSOMA ngati woimbayo kapena olowa m'malo mwake analembetsa kumeneko. Pamene mukudikira mayankho amenewo, pemphani muulutsi wa pulogalamu ija kuti adzaibwereze pa tsiku limene mwagwirizana, ndipo mudziwitse abale anu nthawi yake kuti nawonso adzatsegule wailesi n'kukuuzani ngati ndi yomweyo.