Za ku Marka, kwa inu amene mukupita kukaphunzitsa

Aphunzitsi, mwafunsa kuti Marka ndi malo otani. Ali kumapeto kwa msewu wa M1, makilomita osakwana 30 kum'mwera kwa boma la Nsanje, m'dera la mfumu yaikulu Ndamera. Mukadutsa chipata mwalowa ku Vila Nova da Fronteira, Mozambique. Njanji yochokera ku Beira imaloweranso pomwepo.

Ndi kuchigwa, ndiye kumatentha kwambiri: mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Kumtunda anthu amalima mapira, mchewere ndi chitowe chifukwa mvula ndi yochepa, koma chakudya chenicheni chimachokera kudimba. Madzi a Shire akaphwera, amabzala chimanga ndi mbatata m'dothi lonyowa la dambo la Ndindi. Ena amadalira nsomba, ziweto ndi malonda a pamalire.

Kusukulu konzekerani izi. Ana ambiri kunyumba amalankhula Chisena, choncho a Sitandade 1 amafunika kuwalezera mtima pa Chichewa. Teremu yachiwiri ndiyo yovuta: madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, makalasi amasanduka misasa ya othawa madzi, maphunziro n'kuima. Mitu yovuta ya Sitandade 8 muiphunzitsiretu teremu yoyamba, mabuku muwasunge pamwamba. Neti ya udzudzu musaiwale.