Marozi ku Zomba: Munda Waulere ku Jali Kapena Walendi ku Thondwe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Matawale. Apuma pa ntchito, alandira ndalama zawo, ndipo akufuna kumanga greenhouse, nyumba yapulasitiki yolimiramo mbewu, n'kumalima maluwa a rozi ogulitsa. Malume awo awapatsa munda waulere cha ku Jali, koma awonanso malo ena ku Thondwe, pafupi ndi msewu wa tala, amene mwiniwake akufuna lendi chaka ndi chaka. Akufunsa kuti asankhe kuti, komanso ngati angathe kumatumiza maluwa kunja monga amachitira a ku Kenya.

Achimwene, ndikanakhala inu ndikanatenga ku Thondwe, lendiyo n'kumalipira. Pa ulimi uwu malo si amene amadya ndalama zambiri. Zodula ndi zitsulo, pulasitiki, mapaipi othirira modontheza, mbande ndi chipinda chozizira. Mukazikhazika pamalo olakwika simungazisenze pamutu n'kusamuka nazo, ndipo rozi mukadzala amakhala m'munda zaka zisanu kapena kuposa. Zaka zonsezo mudzakhala mukulipira cholakwa cha tsiku limodzi.

Rozi amakonda kuwala kwambiri koma amadana ndi kutentha. Masana amafuna madigiri apakati pa 20 ndi 28, usiku kuzizizirako, cha m'ma 15. N'chifukwa chake minda ikuluikulu ya ku Kenya ili ku Naivasha, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,900 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ya ku Ecuador ili pamwamba kuposa apo. Kukamazizira usiku duwa limakula mosafulumira, mutu umakhala waukulu, phesi lalitali ndi lolimba. Ogula amayeza phesilo, masentimita 40, 50, 60, ndipo mtengo umakwera ndi utali wake. Jali ali m'chigwa cha Chilwa, ndipo nyanjayo ili pa mamita ongopitirira pang'ono 600. Lowani m'nyumba yapulasitiki kumeneko mu Okutobala dzuwa lili paliwombo, mudzatuluka malaya ali chonyowa. Maluwa amatuluka timitu tating'ono, amamasula msanga, ndipo akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino, amaswana ngati mchenga.

Mwina munganene kuti basi tikwere kuphiri, ku Chawe, kumene timagula masitiroberi m'mbali mwa msewu. Kumazizira ndithu, koma mbali yaikulu ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo nkhungu ndi chiperoni zimanyowetsa masamba tsiku lonse. Chinyezi chotere chimabweretsa chuku chimene chimawoletsa duwa lisanafike kwa wogula, ndiye ndalama zimathera ku mankhwala. Thondwe sali ngati Naivasha, koma ndi wokwererapo kuposa Jali ndipo mphepo imayenda.

Tsopano madzi, ndipo apa ndikupemphani mundimvetsetse. Zaka zapitazo ndinathandiza mnzanga wina amene anali ndi kamunda ka maluwa kumunsi, cha kunyanja. Madzi a pamjigo wake anali oyera bwino, akumwa anthu osadandaula kwenikweni. Patatha miyezi itatu, timabowo ta mapaipi tinayamba kuyera ngati tapakidwa laimu, tina n'kutsekeka, ndipo masamba anayamba kupsa m'mphepete. Tinkagwada mzere ndi mzere kumatokosa timabowoto ndi singano. Unali mchere. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero mchere umangounjikana, ndipo zitsime zina za m'chigwamo zimakhala nawo. Rozi salimba ndi mchere. Kumbukiraninso kuti nyanjayi inaphwa mu 1995, mu 2012 ndi mu 2018. Greenhouse simadziwa kuti kunja kukugwa mvula kapena ayi, imafuna madzi tsiku lililonse, chaka chonse. Kulikonse kumene mungasankhe, tengani madzi m'botolo mukayezetse musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ndipo mukawone gwero lake mu Novembala, osati mu Malichi.

Duwa likangodulidwa limayamba kufa. Limadulidwa m'mamawa, kulowetsedwa m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo, kenako m'chipinda chozizira madigiri 2 mpaka 4. Chipindacho chimafuna magetsi usana ndi usiku. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Choncho pa bajeti yanu muikepo sola kapena jenereta, ndipo mufunse kuti mzere wa magetsi uli patali bwanji ndi mundawo, chifukwa kukoka mapolo ndi ndalama zanu. Kuchokera ku Thondwe, galimoto imafika ku Limbe ola lisanathe. Kuchokera ku Jali muyenera kudzera kaye m'tauni, ndipo ngati mundawo uli mkati, njira yafumbi m'dzinja ndi matope okhaokha. Tsiku la Valentine, 14 Febuluwale, limagwa mvula ili pakati. Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, limagwa kutentha kuli pachimake. Masiku awiri amene maluwa amayenda malonda kwambiri ndi omwenso Jali angakugwiritseni mwala.

Za kutumiza kunja, ndikuuzeni zowona ngakhale zisakukomereni. A ku Naivasha ali pamtunda wa makilomita osakwana 100 kuchokera ku Nairobi, kumene ndege zonyamula katundu zimanyamuka usiku uliwonse kupita ku Ulaya, maluwa n'kukafika kumsika waukulu wa Aalsmeer ku Netherlands akadali atsopano. A ku Ethiopia ali ndi kampani yawoyawo ya ndege. Ife ku Chileka kulibe ndege yopita ku Ulaya mwachindunji, maluwa ayenera kukasintha ndege ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, ndipo kusintha kulikonse ndi ndalama ndiponso maola otentha. Mlimi mmodzi sangapikisane nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msika wanu ndi okongoletsa maukwati ndi zinkhoswe, mahotela a ku Blantyre, ogulitsa nkhata zamaliro, matchalitchi, ndi makolo obwera ku mwambo wa omaliza maphunziro ku yunivesite konkuno ku Chirunga. Ayendereni anthu amenewa musanagule chitsulo, muwafunse kuti maluwa amawatenga kuti, angati pa sabata, amtundu wanji.

Pulasitiki, feteleza wosungunuka ndi mbande zabwino zimachokera kunja, pamene inu mudzagulitsa m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Yambani ndi greenhouse imodzi yaing'ono, ndalama zina musunge zodzasinthira pulasitiki ikadzang'ambika.

Ku Thondweko musagwirizane pakamwa. Lembani pangano la zaka zosachepera zisanu, mfumu ndi abale a mwinimalo achitire umboni, ndipo mulembemo kuti zitsulo ndi mapaipi ndi zanu. Munda wa malume musaukane. Dzalanimo mpunga kapena chimanga, muwathokoze bwinobwino, zokololazo zizikulipirirani lendi ya ku Thondwe chaka choyamba marozi asanayambe kubweza ndalama.