Kwa achemwali amene akufufuza makolo a amuna awo ku England

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene anakwatiwa ndi Mngelezi kuno. Mwana wawo wayamba kufunsa kuti kwawo kwa bambo ake n'kuti kwenikweni, ndipo bamboyo akungodziwa dzina la kamudzi kena ku Derbyshire, basi. Akufunsa poyambira.

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga chilili kukhitchini, kenako ndinachita kukhala pansi. Mwandigunda pabala. Agogo anga aakazi ku Dedza sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma madzulo akamasonkheza moto ankatchula amayi awo, amayi a amayi awo, mpaka mibadwo isanu, ndi manda amene aliyense anagona. Ine ndinkangoti ndidzalemba ndikadzapita kutchuthi. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndili pa ntchito ya usiku, ndikusamalira nkhalamba za eni. Pa maina onse aja ndinatsala ndi awiri.

Chisoni chimenecho ndi chimene chinandipititsa ku Matlock, ku Derbyshire Record Office, kumene amasunga zolembedwa zakale za deralo, kukafufuza mbali ya amuna anga, poti nawonso kwawo ndi komweko. Ndinati ana anga asataye mbali zonse ziwiri. Kumeneko chikwama mumachisiya m'kabati, cholembera cha inki saloleza, mumalowa ndi pensulo ndi kope. Tsiku loyamba ndinatuluka maso akuwawa, nditapeza dzina limodzi lokha, koma mtima uli phee.

Zimene anthu awa ali nazo n'zochititsa nsanje. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro m'kaundula, n'kumamusunga m'bokosi la maloko awiri. Mu 1598 anawonjeza kuti azikopera pa zikopa, popeza mapepala ankafumbwa, ndipo ansembe ambiri anangoyambira kukopera pa 1558, chaka chimene Elizabeth I analowa ufumu. N'chifukwa chake makaundula ambiri akale amayambira chaka chimenecho. Chaka ndi chaka ankatumizanso kope kwa bishopu, moti kaundula wa m'mudzi akapsa kapena kudyedwa ndi mbewa, nthawi zina kope lija limakupulumutsani.

Kuti mumvetse kuti kaundula wa m'mudzi ndi chiyani, mudzapite ku Eyam ndi mwana wanuyo. Si kutali ndi Bakewell. Mu September 1665 mliri unalowa m'mudzimo, akuti kudzera m'mtolo wa nsalu wochokera ku London, ndipo woyamba kufa anali George Viccars amene anaumasula. Chaka chotsatira wansembe William Mompesson ndi mnzake Thomas Stanley anagwirizana ndi anthu kuti pasakhale wotuluka m'mudzi, kuopa kupatsira midzi yoyandikana. Chakudya chinkasiyidwa m'malire, ndalama n'kumaikidwa m'timaenje ta pamwala tothiramo vinega. Anafa anthu pafupifupi 260, ndipo maina awo tikuwadziwa chifukwa analembedwa m'kaundula, ngakhale la Catherine, mkazi wa Mompesson. Kunja kwa mudzi, pakati pa munda, pali timanda totchedwa Riley Graves. Elizabeth Hancock anaika pamenepo mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu, mu August 1666. Ndinaima pa kampanda ka miyala kaja mphepo ikuwomba, ndinalira ngati ndi maliro akwathu.

Koma ndikuchenjezeni, makaundula awa ali ndi khalidwe limene limandipweteka: amameza akazi. Kwathu Nabanda ndi Nabanda, akwatiwe asakwatiwe, mpaka kumanda. Mudzi timauwerenga ndi mbumba, mwana ndi wa kwa amake. Kuno mkazi akangokwatiwa dzina la kwawo limazimira, ndipo m'makaundula ambiri akale a ubatizo mumangopeza kuti uje, mwana wa Thomas. Amene anamva zowawa zakubala palibe, ngati mwanayo anatsika kumwamba. Ngakhale m'kaundula wa ukwati ankalemba maina a abambo okha a mkwati ndi mkwatibwi, ndipo a amayi anayamba kulembedwa mu May 2021. Dzulodzuloli! Ine ndimati mbiri ya banja yongotsata abambo ndi theka la mbiri, ndipo amene amanyadira kuti wafika m'ma 1600 pomwe sadziwa dzina la kwawo la agogo ake aakazi sanafike kulikonse.

Agogo ena aakazi a amuna anga ndinawapeza m'mapepala a anthu osauka, amene ankasungidwa m'bokosi lomwelija la parishi. Kuyambira 1662 lamulo linkati munthu aliyense ali ndi parishi yake yomusamalira akasauka, ndipo akakhala mtolo kwina, oweruza awiri ankasaina kalata yoti abwezedwe kwawo. Mtsikanayu anali wantchito pafamu, ali ndi pakati, wopanda mwamuna. Anamubweza. Patapita zaka ndinamupezanso m'kaundula wa ukwati, pamalo osaina ataikapo ka X. Ndinayang'anitsitsa ka X kameneko nthawi yaitali, ndikuona dzanja la agogo anga a ku Dedza. Nditauza apongozi anga anakhala duu, kenako anati m'banjamo nkhaniyi sinkatchulidwa.

Ndipo apa ndinene mosabisa: musathamangire kulipira mawebusaiti n'kukopera mizere ya makolo imene anthu ena anaika kale. Msuweni wa amuna anga anachita zimenezo, n'kutilumikiza ku banja lolemera la dera lina chifukwa choti dzina ndi chaka zinafanana. M'mudzi umodzi wokha mutha kupeza a John atatu a dzina limodzi la bambo, obatizidwa zaka zoyandikana. Chimene simunachione ndi maso anu pa chithunzi cha kaundula weniweni musachilembe.

Tsono poyambira

Yambani ndi amoyo. Apongozi anu, azakhali a amuna anu, Baibulo lakale la m'nyumba, zithunzi zolembedwa kumbuyo. Kenako bwererani m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osalumpha. Kuyambira July 1837 boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa; mndandanda wake uli pa webusaiti ya FreeBMD mwaulere, ndipo satifiketi mumagula ku ofesi ya boma ya General Register Office. Ya kubadwa ndiyo golide, chifukwa imatchula dzina la kwawo la mayi. Onaninso kalembera: wa 1841 ndiye woyamba wa maina a anthu onse, wa 1851 amanena kumene munthu anabadwira, ndipo womaliza amene mungamuone ndi wa 1921. Mukabwerera m'mbuyo kupitirira 1837 ndiye mwalowa m'makaundula a parishi. Yesani mawebusaiti a FreeREG ndi FamilySearch, funsani kulaibulale ya kwanuko ngati ali ndi Ancestry kapena Findmypast yaulere, ndipo musavutike kugogoda kutchalitchi cha m'mudzimo, poti akale ambiri anawasamutsira ku Matlock. Chisanafike chaka cha 1752, chaka chinkayamba pa 25 March, choncho mukaona mwana wobatizidwa mu December 1730 ataikidwa m'manda mu January 1730, wansembe sanalakwitse.

Mwalemba kuti mbali yanu ilibe vuto chifukwa amayi anu akadali moyo ndipo amadziwa zonse. Mawu amenewo ndi omwe ine ndinkanena. Aimbireni sabata ino, muwajambule mawu pafoni, atchule maina, midzi, mafumu ndi manda, mwana wanuyo ali pomwepo akumva. Ine ndatsala ndi azakhali amodzi ku Dedza, makutu ayamba kuvuta, ndipo Lamlungu lililonse mdzukulu wawo amawagwirira foni ine ndili ndi kope. Sabata yatha anandipatsa dzina lachitatu.