Achimwene anga sagona, kodi mlangizi akawauza chiyani chachilendo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, dzina ndalisunga. Akuti achimwene awo, oyamba kubadwa kwawo, ntchito inawathera miyezi inayi yapitayo. Chichokereni apo amangobindikira m'chipinda, tulo sawona, nsima amangoinyomola kawiri n'kusamba m'manja. Funso lawo ndi ili: "Amalume awalangiza, abusa awalangiza, ine ndemwe ndayankhula mpaka kutopa. Mlangizi wa kuchipatala akawauza chiyani chachilendo? Komanso si amisala ayi."

Achemwali, ndiyambe ndi kuulula kuti ine ndikadali pa maphunziro a uphungu, ndipo ntchito yanga yonse imadutsa m'manja mwa mphunzitsi wondiyang'anira.

Dzina loti mlangizi ndi limene limatisokoneza. Kwathu mlangizi ndi nankungwi ku chinamwali, kapena wa zaulimi uja wobwera pa njinga yamoto kudzatiuza kabzalidwe ka chimanga. Onsewa amayankhula, ife n'kumangovomera. Tikati phungu, anthu amayamba aganiza za wa ku Nyumba ya Malamulo. Koma ntchito yathuyi ndi yomvetsera, ndipo palibe chimene chandivuta pa maphunzirowa kuposa kutseka pakamwa.

Tsiku lina tikuyeserera m'kalasi, mnzanga anakhala ngati munthu wobwera ndi vuto. Asanamalize n'komwe kufotokoza, ine ndinali nditampatsa kale malangizo atatu, kuphatikizapo kuyamba geni ya mandasi. Aphunzitsi anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi munthuyu amaopa chiyani?" Ndinangoti kakasi. Sindinamufunse.

Patapita miyezi, ndili pa ntchito yoyeserera pa chipatala china mumzinda muno, kunabwera mayi wodandaula mutu ndi mtima kuthamanga (zina ndasintha kuti asadziwike). Buku lawo la kuchipatala linali Panado yekhayekha tsamba ndi tsamba, malungo anapimidwa kangapo osapezeka. Nditawafunsa kuti mutuwo unayamba liti, anangoti zii, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Lilime linkandiyabwa kuti ndinene kuti limbani mtima. Ndinapirira. Kenako anati, "Mwana wanga akanakhala moyo, bwenzi chaka chino ali Sitandade 3." Kunyumba nkhaniyi analeka kuitchula kalekale, poti aliyense ankawauza kuti zinapita basi.

Anthu ambiri safika n'kunena kuti ndili ndi matenda a maganizo. Amati mutu, kuphwanya m'thupi, kapena "ndikuganiza kwambiri". Ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo ndi mawu amenewa amene dokotala Dixon Chibanda anamangirapo ntchito ya Friendship Bench ku Harare m'chaka cha 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono, okhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Izi ndi zimenenso mlangizi akachite ndi achimwene anuwo. Sakawapezera ntchito. Akawapatsa mpata wonena zimene sanganene kwa inu amene ankakulipirirani fizi. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mwamuna woyamba kubadwa wakhala akumva kuti mwamuna salira chiyambire ali wa kabudula.

Za misalazo ndikumvetsa. Tikamva za matenda a maganizo timathamangira ku Zomba Mental Hospital, kapena kwa munthu wotola zinyalala pa depoti. Matenda a maganizo ndi ambiri, ndipo ofala kwambiri ndi nkhawa ndi kukhumudwa, amene amagwira anthu ovala bwinobwino amene timakwera nawo minibasi. Kukhumudwa kukapitirira masabata awiri, tsiku ndi tsiku, munthu osagona, osadya, osasangalala ndi zimene ankakonda, timati pafunika thandizo. Miyezi inayi ndi yambiri.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kuti awapime thupi kaye, ndipo mufunse namwino woona za matenda a maganizo. A St John of God, amene amathandiza odwala matenda a maganizo, nawonso ali ndi malo awo ku Area 43 kuno ku Lilongwe, kuwonjezera pa aja a ku Mzuzu. Ife alangizi sitilemba mankhwala, amenewo ndi a madokotala. Akawapatsa, monga amitriptyline kapena fluoxetine, musadabwe kuona kuti sabata yoyamba palibe kusintha. Amatenga masabata angapo, ndiye asawasiyire panjira.

Chinthu chimodzi chokha musachedwe nacho. Afunseni mosapita m'mbali ngati amaganizako zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, kapena mukaona akugawa katundu wawo ndi kutsanzika modabwitsa, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe m'nyumbamo, musawasiye okha, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Muonenso ngati mowa wayamba kuchuluka.

Poyamba nkhaniyi musawaitanire msonkhano wa banja ngati mlandu. Apangireni tiyi, mukhale nawo pakhonde awiriwiri, muwauze zimene mwaona: "Achimwene, ndaona kuti simukugona." Akangokhala chete, inunso khalani. Kwa mlangiziko muwauze kuti mupitira limodzi, inu mukadikira panja.