Ndingotumiza ndalama, kapena ndikwere basi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amasamalira maluwa panyumba ina ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg. Ndaifupikitsa motere: "Mlongo wanga wamng'ono ali ndi chinkhoswe kwathu ku Chiradzulu mu Ogasiti, ukwati wake ndi wa mu Okutobala. Bambo anamwalira, amalume ndi okalamba, mwamuna wamkulu pakhomopo ndine. Ndalama ya basi kupita ndi kubwerera ikhoza kugula mbuzi ndi mpunga wa anthu onse. Kodi si nzeru kungotumiza pa Mukuru n'kuonera mwambowo pa WhatsApp?"

Achimwene, masamu anu sindikuwatsutsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imafika kumudzi itanenepa. Ulendowonso ndimaudziwa. Mzere wa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete thukuta lili kamukamu, Zobue, Mwanza, kenako kutsika pa Wenela miyendo itatupa ngati mitanda. Masiku awiri kupita, awiri kubwerera, abwana akuwerenga.

Komabe tayankhani mumtima. Itati foni ilire usiku uno kuti mayi atisiya, mungakhale pansi kuwerenga mtengo wa mbuzi? Mukhoza kukongola kwa anzanu a kutchalitchi, m'mawa muli pa Park Station, pokwerera mabasi ku Joni. Ndi mmene tilili ambirife: pa maliro sitifunsa mtengo wa tikiti, koma pa chimwemwe timatulutsa kakyuleta.

Pa masiku awiri mwatchulawo, la chinkhoswe ndi la ukwati, ine ndikuti musankhe limodzi, ndipo likhale la chinkhoswe. Ambiri angakuuzeni kuti mupite ku ukwati poti ndiko kuli holo, keke ndi zithunzi. Koma kumeneko ndalama imatha kukuimirirani bwinobwino. Pa perekaniperekani msuweni wanu akhoza kuvina n'kuponya m'lichero m'dzina lanu, woyendetsa mwambo n'kulengeza kuti izi zachokera kwa achimwene a ku Joni, anthu n'kululutira. Zatha.

Chinkhoswe si choncho. Nyimbo, zitenje zofanana, atsikana obisidwa kumutu kuti akuchimuna aloze wawo, zonsezo ndi zokometsera chabe. Mtima wake uli pamene mbali ziwiri zikuonana nkhope, akuchimuna kupereka tambala, akuchikazi kupereka msoti, ndi kuuzana poyera kuti likadzavuta banjali, wogogodera ndi uyu. Kwanu ku Chiradzulu ana amatsata kwa mayi. Ndiye kuti mlongo wanuyo ndi ana omwe adzabereke ndi mbumba yanu, inu ndinu atsibweni awo a mawa. Amalume akalamba, mwanena nokha. Udindo umenewo ukubwera kwa inu, mufune musafune, ndipo alamu anu ayenera kukuonani mutakhala pamkeka tsiku limenelo.

Ine ndinaphunzira mochedwa. Zaka zapitazo msuweni wanga wamkazi anali ndi chinkhoswe, ine ndili pantchito ku Mzuzu. Ndinatumiza ndalama zambiri ndithu, n'kumadzimva kuti ndachita zaumunthu. Patapita zaka zitatu banja lija linagwedezeka, achibale n'kundituma kuti ndikalankhule ndi akuchimuna. Gogo wina anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, tsiku lija tinkalandira msoti inu munakhala mbali iti?" Ndinasowa pogwira. Lisiti ya Mpamba sindikanaitulutsa pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chingasinthe yankho langa lonse, ndipo simunachitchule: mapepala anu. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 okha ku South Africa ngati mulibe chilolezo china. Malamulo a dzikolo a 2014 amati wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati waposa pamenepo. Ngati muli m'gulu limeneli, kutuluka pa Beitbridge kungakutayitseni ntchito yomwe ikudyetsa mayi ndi mlongo yemweyo. Pamenepo musapite. Koma musangoti zii n'kutumiza ndalama. Imbirani amalume, muwauze zoona zake, mugwirizane amene akaimire inu, ndipo dzina lanu likatchulidwe pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Mlongo wanunso muimbireni panokha, asamvere kwa ena.

Ngati mapepala ali bwino, chotsala ndi chija anthu a ku Joni sakonda kuvomera: manyazi ofika chimanjamanja. Mudzi umayembekeza mabulangete, mafoni, nsapato za ana a aliyense, ndiye munthu amaona kuti bola osapita. Uzani mayi lero lomwe kuti mukubwera ndi chikwama chimodzi, ndalama yapita ku tikiti. Adzadandaula ndi azakhali awiri kapena atatu, ndipo adzaleka nsima ikafika.

Pemphani tchuthi kwa abwana sabata ino, Ogasiti asanayandikire. Mukafike Lachinayi ngati mwambo uli Loweruka, chifukwa mabasi amachedwa pa malire, komanso zokambirana zenizeni za amalume ndi akuluakulu zimachitika madzulo a Lachisanu, alendo asanabwere.