Funsani Anti: Kosi ya Language ndi ya chani kwa ife a sayansi?

Funso: Anti, ndine yearo (wa chaka choyamba ku yunivesite), ndikupanga sayansi koma akuti titengenso Language and Communication Skills. Ikungondithera nthawi, ndizijomba? Wodandaula, Zomba

Yankho: Mwanawe usayerekeze dala. Kosi imeneyo ndi imene imakuphunzitsa kulemba essay, kuika ma reference, kulemba manotsi lecturer akuthamanga, ndipo lab report yakoyo ifunanso zomwezo, ukailakwa kosiyi sapu (mayeso obwereza) ikukudikira chimodzimodzi Chemistry. Peza conti wa chaka chachitatu amene anadutsamo kale akuonetse ma past paper ndi mmene amagawira nthawi, ambiri sakana ukawapempha mwaulemu. Komanso ku discussion usamangokhala ndi a sayansi okhaokha ayi, wa Humanities uja akukonzere chizungu chokhotacho iwe umuthandize pomwe pali manambala.